Pamene Amalume Ankasiya Kuimba

Kanali kapulasitiki kachikasu, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Amalume anachita kukadula pa chigubu cha mafuta ophikira chimene tinabwera nacho kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Anakanola pa simenti ya pakhonde mpaka kusalala, ndipo nkamene ankakhwatchira gitala wawo, amene iwo ankamutcha viyola.

Tinabwerera nkhondo itangotha, ine ndi amayi basi. Kwathu ku Angoniya tinapezako tchire lokhalokha, choncho tinatsikira ku Tete, ku Degue, kumene amalume anali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri. Inali nyengo yotentha. Masana malata ankachita kuthetheka, mbuzi zili wefuwefu pansi pa mlambe. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, wopanda mnzake. Chinyungwe ndinkachimva mwa apo ndi apo, Chipwitikizi ndiye sindinkatolapo kanthu, ndipo kusukulu dzina langa linali “wa ku Malawi uja.” Nthawi yopuma ndinkakhala kuseri kwa khoma, kumatafuna masau ouma ndekhandekha.

Amalume ankapaka pulasitala m'nyumba zimene zinkakonzedwa m'tauni. Akaweruka, dzuwa litapendeka, ankasamba m'manja mpaka simenti yonse itachoka, n'kukhala pa bokosi pakhonde. Zimene ankaimbazo ankati ndi jazi. Zinali nyimbo zopanda mawu, zoyenda monyang'wa, zoti khosi limayamba kugwedezeka mwini wake asanalole. Ankathamangitsa zala, kenako n'kukoka waya mmodzi mpaka alire modandaula, phazi likugunda pansi osaphonya. Ngakhale amayi, amene ankati nyimbo zimenezi n'zopanda mutu, ndinkawaona akuchapa motsatira phazi limenelo.

Vuto linali limodzi. Nyimbo ikafika pokoma penipeni, amalume ankasiya. Manja ali zii, phazi lokha likugundabe, mutu atapendeketsa chakumanzere, akumwetulira. Nthawi zina ankati, “Eya, pomwepo!” Kenako n'kulowanso mwamphamvu. Ine ndinkati nkhondo inawasiyira matenda oiwala.

Chaka chitayandikira kutha, aphunzitsi anati kudzakhala fesita, chisangalalo chotsekera sukulu, ndipo anafunsa ngati wina ali ndi m'bale wodziwa kuimba. Dzanja langa linakwera lokha. Kunena zoona, sindinkaganizira amalume. Ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha anzanga andiyang'ane opanda kuseka.

Amalume anakana kawiri. “Nyimbo zimenezi si za munthu mmodzi, iwe mwana,” anatero. Ndinalira, amayi anandithandiza kuchonderera, ndipo amalume anavomera.

Tsikulo litafika anabwera atavala malaya oyera, kolala yake yotha. Anakhala pa mpando pansi pa mtengo, ana tonse tili pa fumbi. Atangoyamba, phokoso linatha. Ndinaona mapewa akugwedezeka, mtsikana wina amene ankandinyoza kwambiri akuomba m'manja. Wina anandikodola, nati m'Chinyungwe, “Ndi anu amenewa?” Mtima wanga unadzaza ndi kunyada.

Ndiye anasiya.

Phazi lokha linkamveka, gu, gu, gu, pa dothi louma. Mutu anapendeketsa, maso atatsinzina, akumwetulira mphepo. Aphunzitsi anayesa kuti nyimbo yatha, anayamba kuomba m'manja ndi kuthokoza. Ali mkati molankhula, amalume analowanso n'kuwadula mawu. Ana anaphulika chikhakhali. Amalume atasiya kachiwiri, wina anakuwa kuti, “Waiwala!” Kachitatu kasanafike, aphunzitsi anatsegula wailesi ya kaseti, ndipo aliyense anadzuka kukavina.

Pobwerera ndinayenda kutsogolo, kutali, kuti asaoneke ngati ndi anga. Tikulowa pakhomo ndinatembenuka.

“Mwandichititsa manyazi! Bwanji osaimba nyimbo imene mukuikumbukira yonse?”

Lero ndikawakumbukira mawu amenewo ndimachita kuzizidwa. Chinali chibwana cha mchombo lende, inde, koma mawu a mwana nawonso amabaya.

Amalume sanakalipe. Anatsamiritsa gitala kukhoma, nati, “Sindinaiwale. Inali nthawi ya anzanga.”

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde panali zii. Mvula itagwa anapeza ntchito ku Moatize, anapita ndi gitala wawo, ndipo sindinawamvenso akuimba. Pepani wanga sanamumve.

Ndinali kale mayi wa ana pamene ndinaona koyamba anthu atatu akuimba jazi masana ena ku Beira. Wa gitala anaimba, n'kusiya, n'kupendeketsa mutu, ndipo wa ng'oma anamuyankha, wa besi naye n'kuikapo zake. Ndinalira pagulu. Pambuyo pake amayi anandiuza kuti nkhondo isanavute amalume nawo ankaimba atatu. Mnzawo wa ng'oma anafera pa msewu, m'galimoto imene inaotchedwa. Wa besi sanamvekenso kumene anapita. Amalume ankawasungira mipata yawo, osachotsapo ngakhale kugunda kumodzi.

Koma tsiku lija pakhonde, atanena za anzawo, ine ndinayang'ana kumanzere kwawo. Kunali ndowa ndi tsache. Ndinati mumtima, munthu wamkulu chonchi, waiwala nyimbo, ndipo akuwonjezanso bodza.