Khadi yomwe munali mawu a amayi

Amayi anga asanamwalire anabwera kudzaona mwana wanga woyamba. Inali nyengo yozizira, nkhungu ikumaphimba mitengo ya paini mpaka masana. Mwana ankalira kwambiri, iwo n'kumunyamula kumuyimbira kanyimbo ka kwathu ku Kasina. Ndinajambula mawu awo pa kafoni kanga ka mabatani iwo osadziwa. Pakati pa nyimboyo anatsokomola, kenako anaseka n'kunena kuti mwanayu watengera mphuno ya kuchimuna. Atamwalira ndinalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Ndinatsala ndi mawu amenewo pa memole khadi. Mwana akavuta ndili kudimba la kachewere, ndinkaika foni m'chitenje pafupi ndi khutu lake, iye n'kugona.

Alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, ankaphunzira kupanga masamba a pa intaneti ku Boma. Atamva nyimboyo anati aiika pa tsamba lomwe ankapanga, kuti achimwene anga amene ali ku Joni azimvera. Ine sindinafune. Koma ndine wamanyazi, komanso pamudzi pano ndine mtengwa. Apongozi anati munthu wophunzira akafuna kukuthandiza sumuvuta. Ndinatulutsa khadi ija n'kupereka.

Alamuwo anakhala pakhonde ndi laputopu pamiyendo, akufotokoza mokweza kuti ndi oyandikana nafe omwe amve. Anati pulogalamu yawo imatsegula fayilo, kumeza zonse zili m'menemo kamodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kuzisandutsa mzere umodzi wautali wa zilembo. Anati mzere wotero amautcha sitiring'i, ndipo kuchita zimenezo n'kophweka, ngakhale mwana wa pulayimale angathe. Ine ndinkasankha nyemba.

Kenako anasiya kulankhula. Nditasuzumira ndinaona galasi la laputopu ladzaza tizizindikiro takuda tokhala ndi funso pakati, tosakanikirana ndi zilembo zosawerengeka. Ndinabweza khadi mufoni. Foni inakana kutsegula nyimboyo.

"Alamu, musade nkhawa," anatero. "Aphunzitsi athu akakonza."

Anapita nayo ku Boma, n'kubwerako chimanjamanja. Zomwe aphunzitsi anawauza ndinazimvetsa ngakhale sukulu ndinailekera panjira. Alamuwo anauza kompyuta kuti iwerenge fayiloyo ngati zolemba, pomwe munali mawu oyimba. Paliponse pomwe kompyuta sinapeze chilembo chomwe ikuchidziwa inaikapo kachizindikiro kaja. Ndiye alamu anga anasunga zimenezo pamwamba pa fayilo yomweyo, m'khadi yanga, osayamba akopera kaye pena. Zomwe zinali pansi pa tizizindikiroto sizibwereranso.

Amuna anga anati n'zangozi, agula khadi ina. Apongozi anati nyimbo pa wailesi zilipo zambiri. Zonsezo ndinameza. Chimene chinandipsetsa mtima ndi alamuwo. Anafotokozera anzawo pabwalo akuseka kuti atolapo phunziro lalikulu, kuti tsopano asanakhudze fayilo amayamba akopera. Anzawo anawayamikira.

Ndinayimirira mwana ali kumsana. Chifikireni pamudzi pano ndinali ndisanalankhulepo pagulu la amuna.

"Alamu, mwaphunzirira pa amayi anga," ndinatero. "Munalibe fayilo ina yoti muphunzirirepo?"

Anayang'ana pansi. Mnzawo wina anayamba kuseka koma anasiyira panjira. Madzulo ake apongozi anandiuza kuti ndachititsa manyazi mwana wawo. Sindinapepese.

Kudimba mwana anayambanso kuvuta. Ndinayamba kumuyimbira ndekha, motsitsa mawu kuopa amayi a dimba loyandikana nalo. Ndime yoyamba ndimaitha. Yachiwiri ndinazindikira kuti sindinaigwire, chifukwa ndinkadalira foni, ndiye ndimangong'ung'udza. Ndikafika pomwe ankatsokomola ndimaima pang'ono osafuna, ndipo mkwiyo umandibwereranso.

Tsamba la alamu anga likuyenda bwino tsopano, akuti mpaka anthu a mumzinda amalitsegula. Tsiku lina alamuwo anandipeza ndikuchapa, atanyamula foni yawo yayikulu. Anati anamva ndikuyimba kudimba, ndiye ndiyimbe andijambule, ulendo uno asunga malo awiri, achimwene anga amve.

"Ayi," ndinatero, n'kupitiriza kuchapa.

Anaimabe pomwepo kudikira kuti mwina ndisintha maganizo monga ndinkachitira kale. Ndinakamula matewera, ndinayanika, n'kulowa m'nyumba.