Magalasi a Pamsika wa Lunzu

Chiyambire ku pulayimale, zilembo sizinkandikhalira malo amodzi. Mawu ena ankatembenuka, ena kudumphira mzere wapansi, ndipo pofika kumapeto kwa ndime ndinkakhala nditaiwala poyambira. Amene anandifikitsa ku yunivesite ndi makutu anga. Ndinkakhala kutsogolo m'kalasi, osaphonya liwu. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, mnyamata wa ku Mzimba, ankakonda kuwerenga mokweza, ndipo ankaganiza kuti pomumvetsera ndikungomusangalatsa.

Kenako kunabwera korona. Anatibweza kumakwathu, ine ku Lirangwe, kumene amayi ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Maphunziro anayamba kubwera pafoni, masamba ambirimbiri a tizilembo tothithikana. Aphunzitsi ena ankayankhula ndithu, koma netiweki ya kwathu inkawadula mawu ali m'kamwa. Anzanga pagulu lathu la pafoni ankati zilibe kanthu, manotsi atumiza.

Amayi ankandiona nditakhala pakhonde kuyambira m'mawa, foni pafupi ndi mphuno, chala chikutsata mzere. Tsiku lina anabwera kuchokera ku Lunzu ndi magalasi ogula pamsika, atawamangirira kunsonga ya chitenje.

"Valani awa, bambo. Maso angakuthereni," anatero.

Ndinavala. Zilembo zinakula, koma sizinasiye kuyenda. Ndinayesa kuwafotokozera kuti vuto si maso. Anaseka pang'ono, amvekere munthu wosatha kuwerenga angafike bwanji ku yunivesite, n'kubwerera kutomato wawo.

Mayeso atayandikira ndinakwera minibasi kupita kwa amalume ku Chileka, kumene netiweki inkagwira bwino. Ndege zinali zitasiya kutera, moti dera lonse linali zii. Tsiku la mayeso, mafunso ankabwera pafoni limodzilimodzi, lililonse ndi nthawi yake. Ndisanamalize kuliwerenga, funso linkachoka n'kubwera lina. Limodzi ndinalimvetsa litapita kale, ndipo yankho lake ndinkalidziwa bwinobwino.

Madzulo ake ndinajambula mawu n'kutumizira mphunzitsi wa phunzirolo. Aka kanali koyamba kuuza munthu wa kusukulu za vuto langa. Anayankha mawa lake, molemba, uthenga wautali. Ndinalimbana nawo mpaka dzuwa kupendeka. Anali mawu aulemu, achisoni ndithu, koma ankati lamulo ndi limodzi kwa onse, pokhapokha dokotala atachitira umboni. Kuchipatala anandiunika m'maso n'kunena kuti ndili bwino, ndipite, ali ndi odwala enieni.

Sukulu zitatsegulidwa ndinapita kukabwereza chaka. Mnzanga uja anali atapita patsogolo, kugona kwina. Aphunzitsi nawo anali atazolowera kungotumiza manotsi. Teremu isanathe ndinalongedza.

Pano ndimayang'anira chigayo cha amalume aja, chimene chili ku Mdeka. Azimayi obwera kudzagayitsa amanditchulabe kuti a yunivesite, ena mwaulemu, ena ayi. Amayi akafunsidwa kutchalitchi kuti ndibwerera liti, amayankha kuti matenda aja anasokoneza zambiri, tikudikira kuti atiitane.