Atate, munauza dokotala kuti muli bwino

Ine Esinati Mbewe wa ku Mtendere, amene ndaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka imvi kuyamba, ndikulemba pokumbukira inu Atate, popeza lero chakwana chaka chimwalirireni inu, ndipo sukulu ziwiri za udokotala zikudikira yankho langa. Ina ndi yakunja, yokhala ndi zipangizo zamakono, ina ndi yakonkuno.

Tsiku lija ndinakuperekezani kuchipatala, dokotala wachinyamata anakufunsani pomwe pakupweteka, inu n'kuyankha kuti, "Nili bwino, ba dokota." Titatuluka ndinakukalipirani. Munaseka mutagwira pamimba, n'kunena kuti, "Iwe Esinati, uja mwana sananifunse olo kwamene nichokela. Ningamuuze bwanji va m'mimba mwanga?" Chotupa chimene chinali m'mimba mwanu chinadziwika mochedwa. Mpaka lero ndikufuna kudziwa: akanayamba wakufunsani za kumudzi, mukanamuuza? Ndi angati muno m'Mtendere amene amabwerera kwawo ndi matenda chifukwa moni unaperewera? Kunja palibe angandiyankhe zimenezi, ndipo pa msinkhu wangawu ndilibe zaka zodzayambiranso kuphunzira anthu akwathu ndikabwerako.

Choncho ndatsimikiza: ndiphunzira konkuno, pakati pa odwala onga inu.

Mwana wanu,
Esinati Mbewe