Nthambi Yophwatalala ya Mtengo wa Bambo

Katana, kapena titi chikwanje, linalowa bwino. Nthambi inagwa, utomoni woyera ngati mkaka n'kuyamba kudontha pachilonda cha mtengo. Ndinaikankhira kumbali ndi phazi.

"Achimwene, mwaidulirenji?" anafunsa mng'ono wanga, atatsamiritsa njinga yake kumpanda.

"Malodza awa."

Mtengowo anabzala ndi bambo athu nkhondo isanafike kwathu ku Chiuta. Ndi uja wa maluwa oyera, achikasu pakati, onunkhira kwambiri, umene ena amati faranjipani. Titathawira ku Malawi bambo anadwala, tinawaika komweko. Mtendere utabwera tinabwerera atatu: amayi, ine ndi mng'ono wangayo. Nyumba inali itapsa, minda ili thengo. Mtengowo ndi umene unatisonyeza pamene panali bwalo lathu. Poti ndine wamkulu, ndinamanga pomwepo. Iye anamanga tsidya la njira.

Ndiye nthambi ina inayamba kukula mwachilendo. M'malo mobulungira ngati zinzake, inaphwatalala ngati mchira wa nsomba, kunsonga kuli timasamba tothinana. Azimayi opita kunyanja ankaima n'kugwira pakamwa. Ankati mtengowo unaona magazi ambiri ife kulibe. Zimenezo pakhomo panga sindinazifune.

"Ndiye ndiitenge ine," anatero mng'ono wanga.

"Tenga. Ukapatse mbuzi."

"Mbuzi zanga zili ndi ulemu, achimwene. Sizidya zotaya inu."

Anaiika paphewa akuseka.

Kwake anangoiponya pansi pa nkhokwe n'kuiiwala. Anapita kumalire ku Entre Lagos kukagulitsa nsomba zouma, anakhalitsa kumeneko. Pobwera anaipeza itakwinyika, podula paja patauma gwaa. Anaizika mumchenga pafupi ndi khomo, osathira manyowa, osathirira. Inaphuka.

Zinthu zimamuyendera choncho munthu ameneyu. Pochokera kumsasa wa othawa nkhondo iye ndiye anabwera ndi njinga, ine ndinabwera ndi chifuwa.

Chaka chotsatira amayi anandiitana. Anati sakugona mtima pansi poganiza kuti manda a bambo ali kuchilendo popanda chizindikiro cha kwawo. Ankafuna nthambi ya mtengo wa bambowo ikabzalidwe kumutu kwa mandawo tikangomaliza kukolola. Imeneyo ndi ntchito ya mwana wamkulu. Ndinavomera.

Ndinasankha nthambi zowongoka, zonenepa. Ndinadula n'kubzala nthawi yomweyo m'zitini, utomoni ukadali kutuluka. Dothi lakuda lakudambo, ndowe za ng'ombe, madzi m'mawa ndi madzulo. Ndinkazisamala ngati mbande za fodya. Zinawola kuyambira pansi. Ukagwira, chala chinkalowa ngati mu nthochi yopsa kwambiri, fungo lake loipa. Ndinadulanso zina. Zinawolanso. Mtengo wanga unadzaza zilonda, ndipo mvula italowa m'zilondamo nsonga zina zinada.

Tsidya la njira nthambi yophwatalala ija inatambasuka ngati lichero. Inachita maluwa ambirimbiri pamodzi, moti masamba sankaoneka. Azimayi omwe aja a malodza anayamba kupatuka kukapempha maluwa. Amayi anasamutsira mphasa yawo kumeneko. Mphepo ikachokera kunyanja, fungo linkandipeza pakhonde panga. Ndinkatembenuza mpando.

Tsiku lina mng'ono wanga anandipeza ndikuthirira zitini zanga.

"Achimwene, mwati ndi mpunga umenewu?"

"Pita kwanu."

"Muzizisiya ziume kaye podulapo. Mtengo uwu sufuna kuupembedza. Mukaukonda kwambiri umafa."

"Unaphunzira kuti zimenezo? Iwe unangoiwala nthambi pansi pa nkhokwe."

"Eya, ndinaiwala. Koma taonani kuiwala kwanga mmene kukununkhirira."

Ndinathiranso madzi ena iye akuona.

Mawu akewo ndinawamva. Koma kuti ndikagoneke nthambi pansi pa nkhokwe yanga, iye n'kudutsa panjira n'kuiona, ayi. Ndinati yanga idzaphuka mwa njira yanga.

Tinakolola. Tsiku la ulendo linafika zitini zanga zili ndi zowola zokhazokha. M'mamawa ndinadula nthambi yabwino imene inatsala, yowongoka ngati mpini. Ndinaikulunga m'thumba lonyowa kuti isafote panjira. Ndinawoloka njira.

Ndinapeza amayi atavala kale, atamanga mpango kumutu. Mng'ono wanga anali akumangirira kanthu kumbuyo kwa njinga ndi luzi. Chinali chidutswa cha mtengo wake, chophwatalala, chotuwa, podula patauma kale. Ndiye kuti anachidula kalekale osandiuza.

"Ndabwera nayo, amayi," ndinatero.

Amayi anavundukula thumba lija. Anagwira podula, utomoni n'kuwamata zala. Anapukutira pachitenje.

"Iyi ikulira mkaka, mwanawe. Ikafika kumanda ikawolera m'dothi. Bambo ako ankaziyanika pamthunzi mpaka chilonda chitseke."

"Simunandiuze."

"Unandifunsa?"

Ndinaloza panjinga paja. "Nanga chopundukacho ndiye chikaime pamutu pa bambo? Anthu a kumeneko akati chiyani?"

"Akati maluwa," anatero amayi. "Ndi mtengo wa bambo ako womwewo. Ine ulendo uwu sindidzauyendanso. Ndikufuna chimene chikagwire."

Mng'ono wanga anasiya kumanga. Sanaseke ulendo uno, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kwake.

"Titenge zonse ziwiri, amayi. Malo alipo panjingapa."

"Manda amodzi, mtengo umodzi. Sitikukatsegula munda."

Amayi anatenga kachikwama kawo n'kuima panjira, maso ali kunjira yopita ku Entre Lagos. Dzuwa linali litayamba kutentha. Utomoni unali utadutsa m'thumba n'kundimata m'manja.

"Achimwene, tiyeni," anatero mng'ono wanga motsitsa mawu. "Inu ndinu aakulu. Dzenje mukakumba ndinu, ine ndikangoikamo."

Ndinamuyang'ana. Ndinayang'ana amayi, koma iwo sanacheuke. Ndinaika thumba lija pansi pafupi ndi gudumu la njinga yake, n'kulowera njira ya kumunda.