Hatchi ya Malemu Achimwene

Pa msika wa Mitundu palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera. Ndinagulitsapo njinga yopanda mabuleki kwa munthu wokhala pamtunda, iye n'kundithokoza. Choncho pamene ndinadzuka tambala asanalire, tsiku loika maliro a achimwene anga, ndinali nditatsimikiza kale kuti dzuwa likamalowa tikhala titaika munthu mmodzi ndi kugulitsa hatchi imodzi.

Ndinadzuka pakhonde msana uli gwa, mapazi atanyowa. Mvumbi unali usanakate chiyambire Lolemba. M'nyumba ya siwa amayi anali atasasa mawu, awiri atatu okha ndiwo ankakoka nyimbo kuti isafe. Kuseri kwa nkhokwe ena ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolo, moto osaoneka. Matipate anali akadali atsopano nthawi imeneyo, ndipo ndinaona amayi awiri ovala zitenje za zipani zodana akuuzira moto umodzi, mitu itagundana.

Achimwene anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kusamalira mahatchi a bwana wawo wachizungu. Mzunguyo atagulitsa malo n'kubwerera kwawo, anawasiyira hatchi imodzi yaikazi, yokalamba, imene palibe anaifuna. Ine ndinati tigulitse tsiku lomwelo. Iwo anangoseka. Kenaka namwino wina anayamba kuwatumizira ana ofooka miyendo ndi msana, ena osatha n'kukhala tsonga komwe, kuti azikwera. Ankati hatchi ikamayenda imagwedeza chiuno cha wokwerayo ngati akuyenda yekha, ndiye thupi limaphunzira.

Chinkandinyansa ine n'chakuti malamulo onse a ntchitoyo anali okomera hatchi. Lachiwiri ndi Lachisanu basi, m'mawa dzuwa lisanatenthe, anthu atatu osapitirira. Sabata yoyamba munthu sankakwera. Ankangoima chambali, kutambasula dzanja kuti inunkhize, kenaka kuipesa ndi bulashi. Ikagoneka makutu kumbuyo, phunziro latha, ngakhale mayi atabereka mwana kuchokera ku Dzalanyama. Chikwapu ayi. Isanadye mokwanira, siikweredwa. Ndinkawauza kuti bizinesi yoti katundu ndiye bwana sindinaionepo. Iwo ankati munthu wolumala akaona chinyama chachikulu chotere chabwera chokha kwa iye, mankhwala ayamba kale kugwira.

Wogula ndinali nditamupeza: bambo wina wa ku Nathenje, mwini ngolo zotuta nkhuni ndi makala, amene abulu ake anali atatheratu. Ndinamuuza abwere pamaliro pomwepo, kuti abale akamadzakhala pansi kukamba za katundu wa malemu, hatchi idzakhale itapita kale. Alamu anga, mkazi wa malemuyo, sindinawauze. Ndinadzinamiza kuti ndikuwatula mtolo.

Kutacha anthu anayamba kufika. Matenanti a m'maesiteti anabwera atafunda matumba a feteleza kumutu. Minibasi ina inatitimira padambo, anthu n'kumaliza ulendo wapansi, nsapato zili m'manja. Panabweranso amayi angapo obereka ana akuluakulu, miyendo ili lendelende, n'kukhala phee kumapeto kwa bwalo. Adzukulu anatumiza mawu kuti dzenje likulowa madzi, akukapa ndi ndowa. Ndipo pa njinga ina anatsitsapo aphunzitsi ena opuma ntchito, amene sitiroko inawapha mbali ya kumanja n'kuwalanda mawu. Iwowa nawonso anali ataphunzira kukwera hatchiyo kwa achimwene chaka chathunthu. Tsopano ankayenda ndi ndodo, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira.

Ulaliki uli mkati, wogula uja anandikodola. Tinazemba kupita kukhola. Hatchi inali pakona, mutu uli zyoli, gaga wa dzana ali momwemo m'beseni. Chimwalirire achimwene inali isanalawe kanthu.

"Yodwala iyi," anatero bamboyo.

"Yodwala? Ikulira maliro, bambo. Abulu anu aja amadziwa kulira maliro?"

"Iyendetseni ndione."

Ndinatenga chingwe, ndinailunjika chamaso ngati ndikukagwira wakuba, n'kuikoleka m'khosi. Makutu anagona. Ndinawaona, ndipo tanthauzo lake ndinkalidziwa bwino. Ndinakoka. Inazika miyendo. Ndinainyengerera ndi mawu onse amene ndimagwetsera makasitomala pamsika, osatheka. Nditakoka ndi mphamvu zanga zonse, iyo inangotukula mutu kamodzi, ine chagada m'matope osakanikirana ndi ndowe, nditavala jekete yanga imodzi yomweyo ya maliro ndi ya ukwati. Wogula uja anathyola nthambi ya bulugama.

"Zinthu izi zimamva ichi," anatero.

"A... ayi."

Anali aphunzitsi aja, atatsamira mtengo wa khola, thukuta lili kamukamu. Mmene anafikira pamenepo okha kuchokera pabwalo sindikudziwa. Analowa pang'onopang'ono, n'kuima kataliko ndi hatchi, chambali, maso ali pansi, dzanja lamanzere atalitambasula. Basi anangoima.

Pabwalo anayamba nyimbo yotulutsira bokosi. Wogula anayang'ana wotchi yake. Aphunzitsi osasuntha. Ine ndili chikhalire m'matope ndinaizindikira njira imeneyo, chifukwa ndi yanga: kutembenuka ngati sukufuna, kudikira kuti mwini katundu akuitane yekha. Kusiyana kwake, ine ndimachita monamizira. Iwo anali okonzekadi kubwerera chimanjamanja ngati hatchiyo ikanakana.

Khutu limodzi linatembenuka. Inapuma mwamphamvu, kunyambita milomo, n'kuponya phazi limodzi, kenaka lina. Inanunkhiza dzanja lija, n'kutsamiritsa chipumi pachifuwa pawo. Aphunzitsi anavula chingwe changa ndi dzanja lawo limodzilo n'kuchigwetsa pamapazi panga. Anatapa gaga. Inadya manja atatu.

"Aphunzitsi," ndinatero, "kumanda n'kutali, ndipo matope awa simufika. Bwerani ndikukwezeni."

Anapukusa mutu. "Sinadye... mokwanira."

Sanakwere. Anandipatsa ndodo yawo kuti ndiwanyamulire, anaika dzanja paphewa la hatchi, n'kutuluka nayo m'khola wapansi, monga ankachitira masabata awo oyamba.

Bokosi linali patsogolo, amuna akulandizana mapewa, mvula ikuwaza. Hatchi ndi aphunzitsi anali kumbuyo kwenikweni. Iwo akaterereka, iyo inkaima mpaka atakhazikika. Onyamula bokosi palibe anawauza, koma anachepetsa liwiro, gulu lonse n'kumayenda mayendedwe a munthu wa mwendo umodzi. Amayi obereka ana aja anaima m'mbali mwa njira, ndipo kamtsikana kena kanatambasula dzanja hatchi ikudutsa. Alamu anacheuka kamodzi. Anaona hatchi, anaona ine ndi matope anga, anaonanso mlendo amene anali pambali panga ndi nthambi yake. Anatembenuka n'kupitiriza ulendo. Bola akananditukwana.

Pofika m'mphepete mwa msitu wa manda hatchi inaima, ndipo aphunzitsi sanaikakamize. Anatsala nayo pomwepo, kumvera patali. Ife tinalowa. Pansi pa dzenje panali pakadali madzi, bokosi linakhala mwakachetechete. Dothi limene ndinatapa kuti ndiponye linakanirira kudzanja, mpaka ndinachita kulikutumula. Mawu oti ndinene kwa achimwene ndinalibe, ine amene pakamwa sipauma.

Pobwerera wogula uja anandipeza panjira. Anatsitsa mtengo umene tinagwirizana, akuti chinthu choyenda ngati nkhalamba sichingakoke ngolo, mwina angopezapo chikopa. Pakamwa panga panatseguka pokha mwachizolowezi, ndinakweza. Anatsitsanso, ndinakwezanso, mpaka ndinatchula mtengo woti munthu angagulire thirakitala. Anandiyang'ana ngati wamisala, n'kukwera njinga yake. Chiyambire malonda, aka kanali koyamba kusiya kasitomala apite osamuthamangira.

Madzulo anthu anabalalika. Mabenchi a kutchalitchi anabwezedwa, pabwalo panatsala mafuwa akuda ndi mapazi a anthu m'matope. Nyumba inali zii. Mpando wa achimwene unali pakhonde, palibe anayerekeza kukhalapo. Alamu anatuluka atafunda chitenje, n'kundiika kanthu m'manja. Inali bulashi ija, yothothoka, chogwirira chake chitasalala ndi dzanja la malemu.

"Tikameta, alamu, Lachisanu linalo ana abwera. Atatu. Aphunzitsi adzakuonetsani poima."

"Ine ndi wa pamsika, alamu."

"Ndikudziwa. Musadzaikokenso."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinapita kukhola, ndinaima chambali, maso pansi, dzanja nditatambasula, mvula ikundilowa m'khosi. Hatchi inandiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kudya. Sinabwere. Ndinaima mpaka dzanja linachita dzanzi, ndipo sinabwerebe.

Ndinagona wopanda mbale wanga, wopanda malonda, nditalandira ntchito imene bwana wake ndi chinyama chosandifuna. Inu amene mwawerenga, tandiuzani: pa kunenerera kwa tsiku limenelo anapambana ndani, hatchi imene sinayankhule liwu n'limodzi lomwe, kapena munthu amene tinamusiya m'dzenje la madzi uja?