Ukonde umene amayi anaulanditsa ku moto

Kwathu ku Chiuta, m'zaka zomaliza za Apwitikizi, ntchito ya nsomba inali ndi malire. Mwamuna ankalowa m'bwato, kutchera ndi kuvuula. Mkazi ankadikira kumtunda: kutumbula, kutola nkhuni, kuwamba makumba ndi milamba mpaka maso kufiira ndi utsi. Ukonde sankaukhudza. Anthu ankati nsomba zimamva fungo la dzanja la mkazi n'kuthawa, ndipo akazi eni akewo sankatsutsa.

Bambo anga anali ndi ukonde umodzi wa thonje. Anaugula ku loja, sitolo ya ku Insaca, atachokera ku kontarato, kuminda ya tiyi. Ukonde wa thonje ukapanda kuyanikidwa umawola, choncho maukonde onse a m'mudzi ankakhala pamitengo pafupi ndi bango.

Tsiku lina m'chilimwe asipayi, apolisi a Apwitikizi, anatenga amuna onse kukalambula msewu wa ku posito, kuboma. Masana moto wa osaka mbewa unalowa m'bango. Akazi anathamanga ndi mitsuko ndi nthambi, koma atafika pamitengo paja anaima. Ankangothira madzi mozungulira, wina aliyense akuyang'ana mnzake. Amayi anamasula mwana kumbuyo n'kundipatsa ine, mwana wawo wamkulu wamkazi. Anakoka ukonde wathu, kuukulunga, kuusenza mpaka m'madzi. Anapsa mkono. Maukonde ena onse anasanduka phulusa.

Amuna anabwera dzuwa litapendeka. Amene maukonde awo anapsa anapepesedwa ngati pamaliro. Kwa bambo kunabwera amuna awiri amene ankapalasa nawo bwato, kudzanena kuti ukondewo sakweranso nawo. Bambo anafunsa kuti waona ndani. Unali mudzi wonse.

"Abambo, ndikanausiya upse?" amayi anafunsa, akupaka mafuta a nsatsi pabala.

"Ukanapsa, anthu akanandipepesa. Pano akundiseka. Mawa uvalanso kabudula wanga?"

Kumadzi akazi anzawo anayamba kuwaitana amayi kuti kapitawo wa bwato, ndi kufunsa ngati ndevu zayamba kumera.

Sing'anga anatsuka ukondewo ndi mankhwala, n'kutenga tambala wathu. Bambo anautchera okha kangapo, nsomba zinali zochepa. M'chilimwe madzi akaphwa nsomba zimachepa kwa aliyense, chaka chilichonse, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Chaka chimenecho chifukwa chake chinali amayi. Bambo anaudula ukondewo ndi mpeni. Zidutswa zake tinatchingira khola la nkhuku.

Mvula isanagwe bambo analembetsanso kontarato. Ife tinatsala ndi chinangwa, ndipo amayi ankawamba nsomba za anthu ena, malipiro ake mitu ndi matumbo. Bambo anabwerako ndi ukonde wa nayiloni, ndipo pasanathe nthawi anakwatira mkazi wachiwiri kudoko lina. Kwathu ankabwera mwa apo ndi apo.

Ulendo wina anayanika ukonde watsopanowo pabwalo pathu n'kupita kumzikiti. Mbuzi ya aneba inakodwa nyanga m'menemo, n'kuyamba kukoka. Ndinamva ulusi ukuduka. Ndinadzuka kuti ndikaimasule.

"Khala pansi," anatero amayi, osakweza mawu. "Si za ife."

Ndinakhala. Amayi anapitiriza kusenda chinangwa, mbuzi ikung'amba.