Kalata imene a Mabalane anawerenga pakhonde

Ndinaganiza zochoka pa pulazi tsiku limene Bambo anati mawa ndikayambe kusankha fodya ku shedi. Ndinali nditangochotsedwa kusukulu ya mishoni, Folomu 2, chifukwa chothira chitedze pampando wa aphunzitsi a masamu. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ankadzikhulira pangodya ya bolodi ndimaseka ndekha. Koma zosankha fodya, ayi. Ndinakakwera basi ku Shamva yopita ku Halale, kumene msuweni wanga anandipezera ntchito yolera mwana wa dona.

Anandiperekeza ndi mng'ono wanga Esnati. Panjira anandinong'oneza: "Sisi, ndakula. Musauze munthu." Anali Sitandade 6, chaka chomaliza cha pulayimale, ndipo lamulo la Bambo tinkalidziwa: mtsikana akatha msinkhu, sukulu basi, chinamwali, kenako banja. Akakhala kumwezi ankavala nsanza za matumba a ufa. Ankazichapa mobisa n'kuziyanika pansi pa mphasa, pomwe sizinkauma. Popita kusukulu zinkamusupula ntchafu.

Ku Halale ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya dona. Malipiro ankathera sopo ndi nsapato. Lamlungu ndinkakhala pageti kudikira wodutsa aliyense wolankhula Chinyanja. Nthabwala zanga zinkangoolera m'kamwa, wosekera naye kunalibe.

M'bafa mwa dona ndimo ndinaonamo koyamba timatawulo tathonje ta kumwezi, toyera, tongovala kamodzi n'kutaya. Ndinakumbukira ntchafu za Esnati. Mwezi wachitatu ndinam'gulira mapaketi awiri oti ndimutumizire.

Tsono pa pulazi pathu katundu ndi makalata zinkafika m'dzina la mwamuna wolembedwa ntchito, ndipo ankawerenga mokweza pakhonde la sitolo ndi a Mabalane, kalaliki wa pulazi, poti ambiri sankatha kuwerenga. Munthu wa tayi, wodzimva, amene ankandinena kuti Folomu Chitedze. Ndinati ameneyu aona. Kalata ndinaiyamba ndi ulemu wonse, moni kwa akulu ndi ana, kenako pakati ndinalemba: "Bambo, zofewazi si mabandeji. Ndi za Esnati akakhala kumwezi. A Mabalane afotokoze kavalidwe kake, poti ngophunzira." Ndinaseka mpaka kudzutsa mwana wa dona. Za chinsinsi cha mng'ono wanga sindinaziganizeko n'komwe. M'mutu mwanga munali nkhope ya a Mabalane yokha.

Yankho silinabwere. Ndinalembanso kawiri, zii.

Ndinabwerera patatha chaka. Nditangofika pasitolo amuna anayamba kuwomba m'manja. "Maiwe, wabwera uja anavula a Mabalane tayi!" Akuti a Mabalane anayamba kuwerenga ndi mawu awo aakulu aja, kenako anaima, Bambo n'kuti, "Pitirizani achimwene, mwatsamwa chiyani?" Anamaliza thukuta lili kamukamu, mlungu wathunthu osatuluka mu ofesi. Pamenepo pokha musayembekeze kuti ndipepesa.

Kunyumba Esnati kunalibe. Amayi ndinawapeza akusankha nyemba.

"Ali ku Mutorashanga," anatero osakweza mutu. "Anakwatiwa ndi mwamuna wa pamgodi. Ngoyembekezera."

"Mayeso analemba?"

"Akanalemba bwanji ali kuchinamwali?"

Ndinakwiya, poti kukwiya n'kosavuta. "Inu Amayi, osam'teteza bwanji mwana?"

Apo ndiye anandiyang'ana. "Iwe, ukuyesa sitinkadziwa? Mwana amene mwezi uliwonse amaiwala dala kuthira mchere m'ndiwo masiku anayi? Ndinkathira ndine, bambo ako asanalawe. Matumba a ufa aja ukuti ankawatola kuti? Azimayi a mzere wonse uno ankamusiyira kuseri kwa bafa, ochapachapa. Ngakhale anamkungwi ankayang'ana kumbali, akuti asiyeni amalize kaye. Koma nkhani itamvekera pakhonde la sitolo, amuna onse ali pomwepo, bambo ako akanatani?"

Ndinakhala pansi pafumbi. Moyo wanga wonse ndinkadziyesa wochenjera ndekha pa komboni yathu. Azimayi amene ndinkawaseka kuti sadziwa kulemba dzina anapusitsa amuna awo onse, ndi a Mabalane omwe, miyezi ndi miyezi, popanda ndi mmodzi yemwe kuseka. Pamene kalata yanga inkawerengedwa, Esnati anali atangotsala ndi masabata asanu ndi limodzi kuti alembe mayeso.